Chitunda cha Chiweta chidandiphunzitsa kupalasa njinga

Akonzi, ndiloleni ndiyambe ndi tsiku limene ndidachita manyazi, poti nkhani za anthu ongopambana tazimva zambiri.

Lidali Loweruka la pakati pa mwezi wa Okutobala 2023, sabata ya tchuthi cha Anakubala. Nthawi ili cha m'ma 10 koloko m'mawa, ine ndidali khale pansi m'mphepete mwa msewu wa M1, pakatikati pa chitunda cha Chiweta, njinga ili gone pa udzu wouma. Miyendo idali itakana. Minofu ya m'ntchafu idakokana moti ndikati ndiwongole mwendo, ululu umafika mpaka m'chiuno. Mabotolo anga awiri adali atauma kalekale. Anyani atatu adakhala pamwala tsidya la msewu n'kumandiyang'ana ngati akudikira kuti aone mathero ake. Kumunsi uko nyanja ili mbee, madzi ochuluka chomwecho, koma ine kukhosi kuli gwaa.

Chopweteka kwambiri sidali miyendo. Sabata yonse ndidakhala ndikulengeza kusukulu, kutchalitchi ngakhalenso pamsika wa Uliwa kuti ndichoka ku Chilumba panjinga m'mawa, dzuwa likamalowa ndikakhala ndili ku Mzuzu. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 150. Ine ndidathera pasanakwane ndi 50 pomwe.

Adandichotsa pamalopo ndi dalaivala wa lole ina yomwe imatsika kulowera kunyanja. Adaima, n'kusuzumira pawindo, n'kufunsa kuti: "Bambo, mwachita ngozi kapena mwangozifuna?" Ndidayankha kuti ndangozifuna. Adaseka, n'kuuza mnyamata wake kuti aponye njingayo pamwamba pa matumba.

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, koma ku Chilumba ndakhalako zaka zoposa khumi moti Chitumbuka ndimachimva bwino, kungoti ndikachiyankhula ana amabisa nkhope. Kumayambiriro kwa 2023, ndili ndi zaka 46, mutu udayamba kundiwawa pafupipafupi. Kuchipatala adandiyeza maulendo atatu pa masiku osiyana, ndipo ulendo uliwonse makina amaonetsa manambala a m'ma 160 pamwamba ndi 100 pansi. Adandiuza kuti zikamapitirira 140 ndi 90 ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira muyeso. Adandipatsa mankhwala, adandiletsa mchere wowaza pa ndiwo, adandiuzanso kuti ndichepetse mimba, thupi lizigwira ntchito. Malangizo a bungwe la zaumoyo la WHO ndi akuti munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ine masewero anga adali kuyenda kuchoka kunyumba kukafika pa bolodi.

Sindidawauze adokotalawo kuti bambo anga adagwa kumunda ali ndi zaka 54, n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo adakhala pamphasa zaka ziwiri asanatisiye. Mwana wanga wotsiriza adali sitandade 3 nthawi imeneyo. Masamu ake ndidawapanga ndili m'njira yobwerera kunyumba, ndipo sadandisangalatse.

Kuthamanga ndidayesa masiku anayi, maondo n'kukana. Ndiye ndidakumbukira njinga ya magiya ya kaunjika yomwe ndidagula zaka za m'mbuyo, imene idali itasanduka poyanika matawulo.

Kuno ku Karonga njinga si chinthu chachilendo. Dziko lake ndi lathyathyathya m'mbali mwa nyanja, ndipo aliyense amapalasa: amayi opita kuchigayo ndi thumba la mpunga, ana asukulu, anyamata a kabaza omwe kuno timawatcha a kago. Koma onsewa amapalasa chifukwa ali ndi kopita ndiponso katundu woti anyamule. Munthu wamkulu, wolandira malipiro a boma, kudzuka m'bandakucha n'kupalasa mpaka ku Nyungwe wopanda kanthu pakeliyala, kukafika n'kungotembenuka, zimenezo anthu sadazimvetse. "Asambizgi, mukuluta nkhu?" amandifunsa, kutanthauza kuti aphunzitsi mukupita kuti. Ndikayankha kuti kulibe, ndikungopalasa, amagwedeza mutu. Pasanathe miyezi iwiri mbiri idamveka yoti ndapeza mkazi wogulitsa usipa ku Ngara. Mbiriyo idafika kwa mayi akunyumba kudzera kumjigo. Iwo adangondifunsa madzulo ena tikudya kuti: "Abambo, mkazi wanu wa ku Ngarayo bwanji sakupatsaniko ndi usipa womwe?" Tidaseka, koma kuyambira tsiku limenelo ndimawauza kumene ndikulowera ndi nthawi yobwerera.

Maganizo a ulendo wautali adabwera chifukwa cha azungu. Amene amakhala m'mbali mwa M1 akudziwa kuti chakumapeto kwa dzinja kumadutsa gulu la anthu apanjinga a ulendo wotchedwa Tour d'Afrique. Ulendowu udayamba mu 2003, ndipo njira yake yodziwika ndi yochoka ku Cairo m'dziko la Egypt kukathera ku Cape Town, makilomita pafupifupi 12,000 pa miyezi inayi. Amalowa m'dziko muno pa Songwe, kudutsa Karonga, kukapuma ku Chitimba, kenako n'kukwera Chiweta kupita ku Mzuzu. Kale ndinkangowaona ngati anthu osowa chochita ndi ndalama. Nditayamba kupalasa ndidakumbukira kuti pakati pawo pamakhala agogo a imvi mbuu, ena amayi. Ndidati ngati gogo wochokera kutsidya la nyanja angakwere Chiweta, nanga ine amene ndimachiona chitundacho nthawi zonse ndikamapita ku Mzuzu pa minibasi ndingalephere bwanji?

Safunsa adadya phula. Kukonzekera kwanga kudali kwa umbuli. Tsiku lililonse ndimapalasa makilomita 20 mwaliwiro ngati ndikuthawa ngongole, n'kubwerera ndili wefuwefu, ndikumaganiza kuti kutopa kwambiri ndiye kulimba. Ulendo wanga wautali kuposa onse udali wa ku Ngara ndi kubwerera, makilomita ngati 60, msewu wopanda chitunda chodandaulitsa. Tsiku la ulendo wa ku Mzuzu ndidanyamuka 7 koloko nditamwa tiyi wopanda chodyera, mu Okutobala, mwezi umene kuno kunyanja ngakhale abuluzi amabisala. Zotsatira zake ndi zomwe ndafotokoza zija.

Milungu itatu njingayo sindidaikhudze. Ana a fomu 2 akandiona amayerekeza kupalasa pansi pa madesiki.

Munthu amene adandibwezera pa chishalo ndi mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi Uliwa. Ndidapita kuti akandikonzere mabuleki n'cholinga choti njingayo ndiigulitse. Mkuluyu, amene zaka zake zikuoneka kuti zidapitirira 70, adali atamva kale za Chiweta monga adamvera aliyense. Sadandiseke. Adandiuza kuti pa unyamata wake ankanyamula usipa wouma m'madengu kukwera nawo chitunda chomwecho kukasinthanitsa ndi chimanga ku chigwa cha Henga, panjinga yopanda giya ndi imodzi yomwe.

"Mudadya chiyani m'njira?" adandifunsa.

"Palibe, adada. Ndimati ndikadya ku Phwezi."

"Ndiye njinga simuidziwa. Njinga amapalasa ndi mimba, miyendo imangothandizira."

Kenako adandiuza kuti ndikwere aone. Adapukusa mutu, n'kutenga sipanala, n'kukweza chishalo pafupifupi zala zinayi. Adati munthu akakhala pa chishalo n'kuponda pedulo ndi chidendene, pedulo ili pansi penipeni, mwendo uziwongoka. Ine zaka zonsezi ndimakhala pansi kwambiri ngati ndili pa mpando wa ndalema, n'chifukwa chake maondo amawawa ndipo ntchafu zimatopa msanga. Adandidzudzulanso chifukwa chokonda giya yolemera. Amuna ambirife timaona ngati kupalasa mopepuka, miyendo ikuzungulira msangamsanga, ndi ulesi. Iye adati giya yolemera ndi ya munthu wopita pafupi. Pomaliza adati: "Pachoko pachoko, asambizgi." Njingayo sindidagulitse.

Zimene adandiuza mkuluyu ndidakazipezanso pa intaneti, zolembedwa m'Chingerezi chovuta ndi anthu a madigiri. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo munthu akamagwira ntchito yolemetsa nkhokweyo imatha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Ikatha, miyendo imalemera, mutu umazungulira, mtima umakwiya popanda wokuputa. Mankhwala ake ndi kudya njala isanabwere ndiponso kumwa ludzu lisanafike. Ndidawerenganso za ulendo wina wa ku France wotchedwa Paris-Brest-Paris, womwe udayamba mu 1891 ndipo masiku ano umachitika zaka zinayi zilizonse. Anthu wamba, osati akatswiri olipidwa, amapalasa makilomita 1,200 ndipo amayenera kumaliza pasanathe maola 90. Kuti munthu aloledwe amayamba wamaliza maulendo a makilomita 200, 300, 400 ndi 600. Wa 200 amaupatsa maola 13 ndi theka. Chidandigwira mtima n'chakuti kumeneko safunsa kuti woyamba ndani. Amangofuna kuti ufike nthawi isanathe.

Ndiye ndidayambiranso mu Novembala, ulendo uno ndi kope lolembamo, monga mphunzitsi. Lachiwiri ndi Lachinayi ndimadzuka 4:30 n'kupalasa ola limodzi ndisanapite kukalasi. Loweruka ndiye tsiku la ulendo wautali. Ndidayambira pa makilomita 40, n'kumawonjezera 10 sabata iliyonse, koma sabata yachinayi ndimabwerera pansi kuti thupi lipume. Lamulungu njinga imapita kutchalitchi kokha. Lamulo lovuta kulisunga lidali la liwiro: kupalasa pang'onopang'ono moti ukakumana ndi munthu utha kumupatsa moni wonse wa Chitumbuka, kufunsa za kunyumba ndi za ana, mpweya osakuthera. Anyamata a kago amandipitirira atanyamula munthu ndi thumba la makala, ena n'kumandiimbira belu mwachipongwe. Mtima umafuna kuwathamangitsa. Ndimadziletsa pokumbukira anyani aja.

Vuto la kuno ndi lakuti zitunda zoyeserera n'zosowa ukamatsata nyanja. Mwayi wake ndi wakuti pa Chitimba, makilomita oposa 20 kummwera kwa Chilumba, pamayambira msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, uja wa makona 20 okhota ngati chigongono. Msewuwu ndi wa makilomita pafupifupi 15, miyala yokhayokha m'malo ambiri, ndipo umakwera kuchoka kunyanja kukafika ku Khondowe kumene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni mu 1894. Ulendo woyamba ndidathera pa kona yachisanu. Sabata ziwiri zilizonse ndimabwererako n'kuwonjezera makona awiri kapena atatu. Tsiku limene ndidafika pamwamba, ndidakakhala pafupi ndi mathithi a Manchewe n'kudya chinangwa chophika ngati munthu amene walandira malipiro a miyezi iwiri. Ndichenjeze amene angafune kuyesa: kutsika Golodi n'koopsa kuposa kukwera. Mabuleki akhale abwino, ndipo pamene pakuterera tsikani muyende pansi, palibe amene akulemba malikisi.

Pa nkhani ya zakudya ndidayesa zambiri, zina n'kundipweteka. Kondowole ndimamukonda, koma kudya m'mawa wa ulendo ndiye kuti wanyamula mwala m'mimba. Mandasi amafuta amandibwerera kukhosi pa chitunda. Zimene zidandiyanja ndi izi: usiku wake mpunga wathu wa Kilombero wokwanira bwino ndi nyemba kapena usipa, m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo m'njira nthochi zakupsa, mbatata yophika ndi mtedza wokazinga. Ndimadya kanthu pa mphindi 40 zilizonse, njala ilipo kapena palibe. Nthochi ku Karonga sizisowa, ndiye pamenepo tili ndi mwayi kuposa azungu amene amagula timapaketi todula.

Madzi ndimanyamula mabotolo atatu, n'kumadzaza pa mijigo ya m'njira yomwe tsopano ndimaidziwa ngati nyumba za abale. Botolo limodzi limakhala la madzi a shuga ndi mchere, muyeso uja amatiphunzitsa wa munthu wotsegula m'mimba: lita imodzi, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Apa padali pondizunguza, poti mcherewo ndi umene adandiletsa. Ndidabwerera kuchipatala kukafunsa, ndipo adandiuza kuti pa tsiku la ulendo wautali, thukuta likutuluka mpaka malaya kuyera, botolo limodzi lotere silolakwika, koma zisakhale chifukwa chobwezeretsa mchere patebulo. Adandiuzanso kuti mankhwala ndisasiye. Amene muli ndi vuto ngati langali, kafunseni nokha musanayambe, matupi ndi osiyana.

Mu Febuluwale malungo adandigwetsa. Nditachira ndidafuna kupitiriza pomwe ndidalekezera, pa makilomita 100, koma miyendo idali ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene. Ndidabwerera pa 50. Mwezi wathunthu udapita pamenepo, ndipo m'kope langa tsamba limenelo lili ndi mawu amene sindingawalembe m'nyuzipepala.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene banja lidatsala pang'ono kugwedezeka kuposa za mkazi wa ku Ngara zija. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo, kuphatikizapo matayala, machubu ndi tcheni. Munthu wopalasa makilomita oposa 100 pa sabata amadya matayala ngati chiswe. Tsiku lina ndidabwera ndi matayala awiri atsopano sabata yomwe fizi ya mwana wathu wamkulu imafunika. Mayi akunyumba sadakweze mawu. Adangoti: "Abambo, njingayi ikudya bwino kuposa ana anu." Adali ndi mfundo. Tidagwirizana kuti maulendo anga onse a ku boma la Karonga, kubanki kapena kumisonkhano ya Loweruka, ndiziyenda panjinga, ndipo ndalama ya thiransipoti izilowa m'chitini. Njinga izidya za m'chitinimo basi. Mowa wa Lachisanu udalowanso m'chitini momwemo, ngakhale kuti umenewo udasiya wokha, poti munthu sungamwe usiku n'kudzuka 4 koloko.

Maulendo a ku boma amenewa ndi amene adandilimbitsa. Kuchoka ku Chilumba kukafika ku Karonga ndi makilomita ngati 70, kupita ndi kubwera 140. Adandiphunzitsanso za mphepo. Nyengo ya mwera ikayamba, mphepo imachokera kummwera, ndiye popita ku Karonga imakukankha kumsana, umadziona ngati katswiri. Pobwerera masana umalipira ngongole yonse. Pali tsiku lina ndidapita maola atatu, pobwera asanu ndi theka. Asodzi amaudziwa mwera chifukwa umawamiza, ife apanjinga timaudziwa chifukwa umatisandutsa nkhalamba. Ulendo wa ku Mzuzu ndi wolowera kummwera, kutanthauza kuti Juni ndi Julaye mphepo ikhala pamphumi tsiku lonse, pomwe Okutobala dzuwa likupha. Mpata wabwino ndidauona mu Meyi, mvula itangosiya, mwera usanakhwime.

Ndisanafike pa ulendowo ndinenepo za msewu, chifukwa ndi umene umandiopsa kuposa chitunda chilichonse. M1 ndi njira ya magalimoto akuluakulu ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ena onyamula mafuta. M'malo ambiri msewu ndi wopapatiza, m'mphepete mwake phula lidadyeka, ndipo maenje amachititsa madalaivala kukhotera mbali imene ulipo iweyo. Onjezanipo ng'ombe zogona pamsewu m'bandakucha, mbuzi, agalu, ndi chinangwa kapena mpunga woyanika m'mbali mwa phula. Lamulo langa ndi limodzi: ndikamva galimoto yaikulu kumbuyo pamene ina ikubwera kutsogolo, ndimatsika pa phula n'kuima. Kukangana ndi thanki ya mafuta za ufulu wa pamsewu n'kofuna munthu amene ana ake adamaliza sukulu. Ndimavala helemeti ndi chovala chonyezimira, ndipo tochi imakhala kutsogolo, kanyali kofiira kumbuyo. Madalaivala ena ndi aulemu, amaliza hutala patali n'kukupatsa mpata. Ena amakudutsa pafupi moti mphepo yawo imakugwedeza. Kwa amenewo ndingoti munthu wapanjingayo naye ali ndi omudikira kunyumba.

Loweruka lina mu Meyi 2024 ndidanyamuka 4 koloko m'bandakucha. Ulendo uno sindidauze munthu kupatula mayi akunyumba ndi mkulu wokonza njinga uja, amene dzulo lake adaunika masipoko onse limodzi limodzi. Mayi adadzuka nane, adandiphikira phala, n'kundimangira mbatata m'kapepala ka pulasitiki. Pakhomo adati: "Mukatopa mukwere galimoto. Manyazi sapha." Panyanja nyali za asodzi a usipa zidali ndandanda ngati mzinda woyandama. Kudali kachisisira, msewu uli zii, kumangomveka matayala pa phula.

Pa Chitimba ndidadutsa kukuyera. Pa Chiweta ndidaima, n'kudya nthochi ziwiri ngakhale njala idalibe, n'kudzaza mabotolo. Kenako ndidaika giya yopepuka kuposa zonse n'kuyamba kukwera.

Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene pamalekezera nyanja zamchere, pomwe Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo gawo lalikulu la kusiyana kumeneku munthu amalilipira pa Chiweta. Msewu umakhota, ukaganiza kuti kona iyi ndi yomaliza, kutsogolo kumatulukira ina. Sindidayang'ane pamwamba. Ndimasankha mtengo kapena mwala wapafupi, ndikaufika n'kusankha wina. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mwala wa anyani uja ndidauzindikira. Padalibe nyani ndi mmodzi yemwe, zimene zidandikhumudwitsa pang'ono, poti ndimafuna andione. Pamalo ena otsetsereka kwambiri lole yodzaza katundu imakwera mofuka utsi kumbuyo kwanga, ndiye ndidatsika n'kukankha njinga mamita ngati 200 mpaka itadutsa. Chaka chapitacho ndikadaona ngati kugonja. Tsikuli ndidangoona ngati mpata wowongola msana.

Nditafika pamwamba ndidacheuka. Nyanja yonse idali pansi panga, mapiri a ku Tanzania akuoneka tsidya lija, dzuwa lisanayambe n'kutentha komwe. Ndidatumiza uthenga kunyumba wa mawu awiri: "Chiweta chatha."

Kulakwa kwanga kudali kuganiza kuti ulendonso watha. Kudutsa dera la migodi ya malasha ya Mchenga msewu umangokwera ndi kutsika. Pa Phwezi ndidamwa tiyi wa mkaka ndi sikono, ndidakhala mphindi 20 zokha poopa kuti miyendo ingazizire. M'chigwa cha Henga mphepo idadzuka. Sidali mwera weniweni, koma idakwana kundibweza pa liwiro la munthu wothamanga pansi. Ndisanafike pa Bwengu, pamene pamapatukira msewu wa ku Rumphi, tayala lakumbuyo lidaphwa. Minga. Ndidali ndi chubu chapadera, pampu ndi zomatira, ndipo kusintha chubu ndidali nditayeserera pakhonde kangapo, komabe manja amanjenjemera moti ntchito ya mphindi 10 idatenga theka la ola. Ana adandizungulira, wina n'kundigwirira njinga mosapemphedwa. Ndidamupatsa mtedza.

Povuta penipeni padali pakati pa Bwengu ndi Enukweni, masana dzuwa lili pamutu. Palibe chimene chimapweteka kwambiri, koma chilichonse chimapweteka pang'ono: khosi, zikhatho, pokhalira. Maganizo adayamba kundinyengerera. Minibasi iliyonse yodutsa kondakitala amatulutsa mutu n'kukuwa kuti "Mzuzu! Mzuzu!" ndipo mawu a mayi aja akuti manyazi sapha amamveka okoma zedi. Apa ndi pamene kope lija lidandithandiza. Ndidadziwa kuti maganizo otere ndidakumana nawo kale pobwera ku Karonga, ndipo nthawi zambiri amatanthauza kuti shuga watsika. Ndidaima pansi pa mtengo, ndidadya mbatata yonse yotsala, ndidamwa botolo la shuga ndi mchere lija, n'kudzipatsa mphindi 15. Ndidalonjeza kuti zikapanda kusintha ndikwera galimoto pa Enukweni. Pofika pa Enukweni ndidali ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Kuchoka pa Ekwendeni kukafika mumzinda ndi makilomita ngati 20 okha, koma ndi okwera, ndipo adandidyera pafupifupi maola awiri. Pa Dunduzu wapolisi wina adandifunsa kumene ndachokera. Nditamuuza kuti ku Chilumba adayang'ana njinga, n'kuyang'ana mimba yanga, n'kunena kuti: "Pitani, bambo, koma bodza si labwino." Ndidadutsa Luwinga magetsi akuyamba kuyaka, ndipo ndidaima pa Katoto nthawi itangopitirira 5 koloko. Maola 13. Kuzizira kwa Mzuzu kudandilowa m'mafupa nthawi yomweyo chifukwa malaya adali onyowa, ndipo juzi ndidaiwala. Ndidaimba foni kunyumba. Mayi adangoti "Mwafika?" Nditavomera ndidamva akuuza ana, kenako phokoso. Ndidagona kwa mphwanga ku Chibavi, ndipo nsima imene ndidadya usiku umenewo mlamu wanga amaikambabe.

Papita nthawi tsopano. Lamba ndidabowola mabowo awiri atsopano, ndipo kuchipatala manambala aja amakhala cha m'ma 130 ndi 85. Mankhwala ndikumwabe. Loweruka sindikhalanso ndekha: mphunzitsi mnzanga wachinyamata ndi anyamata awiri a kago amabwera tikamapita ku Golodi. Anyamata a kagowa amandichititsa kuganiza. Pa njinga zolemera, zopanda magiya, atadya chinangwa chokha, amakwera malo amene ine ndimafika lilime lili kunja. Pa zaka zonse ndakhala kuno sindidaonepo mpikisano wa njinga wa mtunda wautali m'dera lathu lino, chonsecho miyendo ilipo yambiri. A bungwe loyendetsa masewero a njinga m'dziko muno atabwera kudzaona anyamata a ku Karonga, sindikukhulupirira kuti angabwerere chimanjamanja.

Cholinga changa tsopano ndi makilomita 200 pa maola 13 ndi theka, monga amachitira ku France kuja. Njira ilipo kale: kuchoka ku Chilumba kulowera ku Songwe, kukatembenukira chakufupi ndi chipata, msewu wopanda Chiweta koma wa mwera pobwerera. Chitini chikudzaza pang'onopang'ono.

Lolemba lotsatira ulendo wa ku Mzuzu uja ndidapita kwa mkulu wokonza njinga kuti ndikamuuze. Adamvetsera zonse ali chete, akuzunguza gudumu langa lakumbuyo n'kumaliyang'ana ndi diso limodzi. Nditamaliza adafunsa kuti: "Nanga pobwera mudayenda bwanji?"

"Minibasi, adada. Njinga adaimangirira kumbuyo."

"Ife usipa tikagulitsa, chimanga chija chimabwera panjinga yomweyo," adatero, n'kutenga sipanala. "Sipoko imodzi yamasuka. Mubwere mawa."